Nkhungu ya Ogula Okha

Joni, 22 Okotobala 2023

Okondedwa amake Tawina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Tawina, mng'ono wake, komanso amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti kwatentha ngati tili ku Nsanje. Ndasankha kulemba chifukwa foni imene mumandiyankhulirapo ndi ya alamu anga a Denis, ndipo ndikudziwa kuti uthenga wanga uliwonse umayamba wamvedwa ndi anthu a pa golosale musanaumve inu. A Asumani, athiransipota aja, akupatsani kalatayi m'manja pamodzi ndi katundu.

Ntchito ndaipeza, ndipo amene andipezera ndi amalume anu a Overtone. Kumpoto kwa tauni kuli msewu wina wa malesitilanti ndi masitolo a zovala, wosaloledwa kudutsamo magalimoto. Eni ake aimika mizati yachitsulo mbali zonse ziwiri, pamwamba pake padutsa timapaipi tating'ono ngati chala cha mwana, tokhala ndi timilomo. Pampu ikayaka, timilomoto timatulutsa madzi osalala kwambiri moti safika n'komwe pansi, amangoyandama ngati utsi. Munthu ukadutsamo thupi limazizira koma malaya sanyowa. Ntchito yanga ndi kudzaza thanki, kuyatsa pampu, ndi kukwera makwerero kukatsuka timilomo tikatsekeka.

Kunena mwachidule, mwamuna wanu ndi wopanga chiperoni. Chomwe chija timachitukwana mu Juni chikatsika m'phiri n'kutiletsa kuyanika ufa, kuno anthu amachilipira, ndipo ena amabwera kudzangojambulitsa ali m'kati mwake.

Mukhoza kuseka, koma ine zimandinyansa. Kunyumba kumene tikugona ndi amalume mipopi imatha sabata osatulutsa kanthu. Timaima pamzere ndi zigubu kudikira galimoto ya madzi, azimayi kukankhana, ana kulira. Ndimachoka m'mawa nditangopukuta kumaso ndi kapu imodzi, kupita kukamwaza madzi abwinobwino akumwa m'mwamba tsiku lonse, kuti anthu odya ayisikirimu ndi agalu awo asachite thukuta. Ndikamaona thanki ikutsika ndimakumbukira inu mukupanikizana pa mjigo dzuwa lisanatuluke.

Amalume ali bwino. Malo awo osokerapo nsapato ali kumapeto kwenikweni kwa msewu womwewu, pamene umakumana ndi siteji ya maminibasi. Akhala pakhoma pamenepo zaka zambirimbiri, msewuwo usanakongoletsedwe, moti ena amene amabweretsa nsapato za ana awo ankabwera nawo makolo awo ali ana. Nkhungu ya mzati womaliza imawafika. Amakhala ataweramira nsapato, kumutu kuli timadontho ngati mame, akumwetulira okha. Akuti chibwerere ku Joni aka n'koyamba kuti chinthu cha anthu olemera chiwafike osawafunsa ndalama.

M'katundumo muli shuga, sopo, ndi nsapato za kusukulu za Tawina zimene amalume asoka okha. Mbewu mugule msanga isanakwere, ndipo mpanda wa kudimba aumange a Denis mbuzi zisanamalize mpiru. Akakana mundiuze.

Ndine wanu,
Ignasio


Joni, 10 Disembala 2023

Amake Tawina,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti Tawina anadwala malungo mpaka munagona naye ku Nguludi. Ndathokoza Mulungu kuti wachira. Mankhwala amalize onse, asasiyire panjira chifukwa choti wayamba kusewera. Ine ndili bwino m'thupi.

Kutentha kwa mwezi uno sindinakuonepo. Phula akumata ku nsapato. Ndiye anthu anazindikira kuti mumsewu wathu muli mpumulo. Anyamata a njinga zamoto zoperekera zakudya, osesa m'misewu, azimayi ogulitsa zipatso, onse anayamba kubwera ku mizati yakumapeto, kufupi ndi amalume. Sankakhudza cha munthu. Ankangoima, kukweza nkhope m'mwamba, kutsinzina pang'ono, kenako n'kumapita. Mayi wina wa ku Zimbabwe wogulitsa nthochi ankagoneka khanda lake pakatoni pamenepo, mwana n'kugona tulo osalira. Masiku amenewo ntchitoyi ndinayamba kuikonda.

Eni malesitilanti sanakondwe. Anadandaula kuti anthuwa akuipitsa malo, ndipo makasitomala akuopa kusiya mafoni patebulo. Manijala wathu anandiitana. Ndi munthu wosakalipa, amayankhula motsitsa, amanditchula kuti mnzake. Anandifotokozera bwinobwino, ngati akuphunzitsa mwana katekisimu, kuti nkhunguyo amailipira ndi amene amachita lendi masitolo, choncho ndi ya anthu ogula okha. Anati nditseke timilomo ta mizati yakumapeto. Ndinamuuza kuti madzi amene angapulumuke pamenepo ndi ochepa, sangadzaze ndi ndowa ziwiri zomwe. Anaseka n'kunena kuti nkhani si madzi.

Ndinanyamula makwerero n'kukawaimika pamutu penipeni pa amalume. Ndinalephera kuwayang'ana. Iwo anaika pansi nsapato imene ankasoka, anadzuka, n'kundigwirira makwererowo kuti ndisagwe.

"Tsekani, bambo a Tawina," anatero. "Dzuwali ndakhala nalo inu musanabwere."

Ndinatseka. Pano pansi pamaoneka malire: mbali iyi simenti ndi yoderapo ndi yozizira, mbali inayo ndi yoyera mbuu, yowotcha mapazi. Alonda amaima pamalire pamenepo, koma mbali yozizirayo. Mayi wa nthochi uja amamukupiza mwana wake ndi chidutswa cha katoni. Mundiuze inu amene mumapita ku Misa mlungu uliwonse, kodi mphepo yozizira ingakhale ndi mwini wake? Akanatha, akanaika loko ndi pamthunzi wa khoma.

Khirisimasi ino sindibwera. Pa boda pavuta, ndipo za pasipoti yanga tidzakamba tikadzaonana. Kandalama kamene ndapatsira a Asumani n'ka feteleza, musakagawe. Ana muwagulire mpunga ndi zotsalazo ngati zitsale. Amalume akupereka moni kwa alongo awo.

Ine,
Ignasio


Joni, 28 Januwale 2024

Amake Tawina,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chaka mwachiyamba ndi mphamvu. Ine ndilipo. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Anthu aja sanachoke ngakhale tinawatsekera nkhungu. Akanapita kuti? Makasitomala awo ndi otsika minibasi, ndipo siteji ili pomwepo. Ndiye sabata yatha manijala anabwera ndi zopopera zina zikuluzikulu, zonga zothirira kapinga. Anati n'zotsukira simenti chifukwa kumapetoko kwada. Ndinazimanga pa mizati yomaliza, zoloza kunja, monga anandiuzira. Ndinaganiza kuti tizitsuka m'mamawa anthu asanafike.

Tsiku loyamba anadikira dzuwa likwere, aliyense atayala malonda ake, ndiye anandiuza kuti ndikayatse. Ndinati pali anthu. Anayankha kuti madzi saluma.

Kachipinda ka pampu kali kuseri, ukakhalamo msewu suuona. Ndinangomva kukuwa. Nditathamangira kunja ndinapeza makatoni aphwasuka, nthochi ndi mapeyala zili mbwee mumsewu, mayi uja akuthawa ndi mwana atamufunditsa siketi. Amalume anali atagwada, atakumbatira bokosi lawo, kuphimba nsapato za anthu ndi msana wawo. Madzi ankawamenya pakhosi n'kumatsikira m'malaya. Munthu wa imvi, amake Tawina, amene kwathu akamayankhula pamaliro anthu amakhala chete. Ndipo kumatebulo kuja, m'kati mwa nkhungu yawo yabwino ija, anthu anadzuka ndi mafoni kumajambula. Ena ankaseka.

Madzulo ake kunabwera mwini wa nsapato zina zodula, zachikopa chosafuna madzi. Ataona mmene zathimbirira anawagenda nazo kumaso amalume, n'kuwatchula dzina lija amatitchula alendofe. Iwo anangotola nsapatozo n'kupepesa.

Ndinapita ku ofesi. Ndisanatsegule pakamwa, manijala anandifunsa mwachifundo kuti nkhani ya pasipoti yanga ili pati, poti wakhala akuwapempha akuluakulu kuti andilezere mtima. Anandiyang'ana akumwetulira. Ndinatuluka osanena chimene ndinapitira.

Pano tikuyatsa tsiku lililonse. Chimene ndimachita n'chakuti ndikamapita ku kachipindako ndimadutsa chakumapeto ndikuimba mluzu nyimbo ya Kwaya, ndiye anthu amadziwa, amafunditsa katundu ndi mapepala a pulasitiki n'kupatuka. Ndimayendanso pang'onopang'ono ngati mwendo ukundipweteka. Ndi zokhazo zimene ndingathe.

Kunyumba amalume sanena kanthu za nkhaniyi. Timaphika, timadya mbale imodzi, amandifunsa ngati mvula ikugwa kumudzi, amagona. Bola akanandikalipira.

Mwalemba kuti mvula yadula. Musataye mtima, mwina ibwera. Mbatata mubzale kudimba, musadikire. Ndipo chonde zimene ndalembazi amayi asazimve.

Ignasio


Joni, 17 Marichi 2024

Amake Tawina,

Kalata yanu ndailandira. Ndamva kuti nonse muli moyo, ndathokoza. Ine ndili moyo.

Ndaiwerenga kangapo ndipo nthawi iliyonse mtima umandiwawa kuposa poyamba. Ndiye kavidiyo ka tsiku lija kanafika mpaka kwathu, ndipo a Denis anaona kuti malo abwino okaonetsera ndi pa golosale, anthu atadzaza. Anthu anaona amalume atagwada m'madzi, anaona ine ndikutuluka kuseri nditavala ovolosi ya kampani, mlandu n'kuthera pomwepo. Palibe anafunsa kuti analamula ndani. Palibe anafunsa kuti eni msewuwo ndi ndani. Iwo aja sakuoneka m'kavidiyomo, anali kumbuyo kwa foni. Wooneka ndine, mkamwini wosayamika amene anatengedwa ndi amalume a mkazi wake, kumusunga, kumupezera ntchito, iye n'kuwathira madzi ngati galu.

Mwati ku mphakati azimayi anasuntha pamkeka inu mutakhala. Mwati amayi anabweza shuga amene ndinatumiza, akuti sangamwe tiyi wa misozi ya mlongo wawo. Zimenezi zandipweteka chifukwa cha inu. Simunalakwe kanthu. Koma azimayi omwewo, ana awo ali konkuno, ndipo ndikudziwa ntchito zimene ena a iwo amagwira. Sindizilemba.

Tsono chimene chandikwiyitsa ndi ichi. Tsamba loyamba mwalemba kuti ndisiye ntchito yochititsa manyaziyi. Tsamba lachiwiri mwalemba kuti chimanga chauma chitangoyamba kumasula, kumunda kuli ngati mwadutsa moto, nyemba palibe, ndipo chaka chino tidalira ine. Ndimvere tsamba liti? A Denis amene akuti ndachititsa manyazi banja, adya chiyani mu Ogasiti? Adzabwera ndi mbale pakhomo panu pomwepo, ndipo ufa umene mudzawapatse udzakhala wochokera ku zopopera zomwezi. Muwauze kuti ndatero.

Ndinawawerengera amalume kalata yanu, mbali yokhudza amayi. Anapitiriza kupaka guluu pa soli. Kenako anati alongo awo sanafikepo ku Joni, ndiwakhululukire. Ndinawauza kuti ndikufuna kusiya. Anandiletsa.

"Mukasiya alemba wina," anatero, "ndipo winayo sadziwa kuimba mluzu."

Ndiye ndikhala. Sikuti ndakhutira. M'mawa uliwonse ndikamadzaza thanki ndimaganiza za munda wathu wouma uja, ndipo madzi amene ndimamwaza pa tsiku limodzi akanapulumutsa dimba lanu ndi la amayi. Amathera m'mwamba kuti munthu amwe khofi wotentha osachita thukuta.

Chimanga mugule panopa kwa amene akolola kudambo, chisanafike pokwera. Muchisunge m'chipinda chathu, osati kwa amayi. Shuga uja mupatse ana. Ku mphakati musasiye kupita, mukhale kutsogolo.

Mwamuna wanu,
Ignasio


Joni, 9 Juni 2024

Amake Tawina,

Moni. Ndikhulupirira ana ali bwino ndi kuzizira kumeneku. Pepani ndatenga nthawi osalemba. Ndilemba mwachidule, a Asumani akunyamuka.

Nkhungu tinazimitsa nyengo yotentha itatha. Pano kumatebulo kuli mbaula za gasi, ndipo ntchito yanga ndi kuziyatsa, kusesa, ndi kugawa timabulangete kwa makasitomala ofuna kudyera panja. Koma zopopera zikuluzikulu zija sanazichotse. Manijala anazindikira za mluzu. Sanandikalipire. Anangobweretsa anthu kudzamanga kabokosi kokhoma kamene kamayatsa kokha, nthawi yake yosinthasintha, lero m'mawa, mawa masana. Kiyi amasunga yekha. Anati wachita zimenezi kuti andichepetsere ntchito, poti waona kuti mwendo umandivuta.

Ogulitsa onse anathawa. Mayi wa nthochi sindikudziwa kumene ali. Atsala ndi amalume okha. Ndawachonderera kuti asamuke, akuti ngodya iliyonse ya tauni ino ili ndi mwini wake, ndipo pa msinkhu wawo sangakayambe kulimbirana malo ndi anyamata a mipeni. Makasitomala awo amadziwa khoma limeneli.

Lachiwiri lapitali kunacha ndi chisanu choyera pa kapinga. Anali atangokhala pansi, asanatambasule ndi pulasitiki yomwe, madzi anayamba. Ndinali kutali ndikuyatsa mbaula. Pofika ine anali atanyowa mpaka m'kati. Ndinatenga kabulangete kamodzi ka makasitomala kuti ndiwafunditse, mlonda anandilanda, akuti timawerengedwa. Ndinawapatsa jekete yanga. Anakana kubwerera kunyumba chifukwa panali nsapato zimene analonjeza tsiku lomwelo, ndipo anakhala ndi juzi yonyowa mpaka madzulo.

Pano akutsokomola, akuti m'nthiti mukubaya akamapuma. Thupi ndi lotentha. Kupita kuchipatala akukana, akuopa mafunso. Mawa ndiwatenga, afune asafune.

Amayi muwauze kuti alongo awo akudwala. Muwauze inu, asamvere pa golosale.

Ignasio


Joni, 14 Julayi 2024

Okondedwa amake Tawina,

Kalata iyi ikufikani pamodzi ndi amalume. Musadzidzimuke mukawaona. Atha thupi, ndipo akayenda pang'ono amafuna kukhala pansi, koma ali moyo, ndipo adokotala ati choopsa chadutsa. Chinali chibayo. Anagona m'chipatala milungu ingapo, masiku oyamba ali ndi chipaipi cha mpweya kumphuno, osandizindikira. Manesi anawasamala bwino, sindinganame. A Asumani alonjeza kuwakhazika kutsogolo ndi kuima pafupipafupi.

Ntchito ija ndilibenso. Ndikuuzani ndekha mmene zinayendera ena asanakonze nkhani yawo.

Tsiku lotsatira atawagoneka, ndinapita kuntchito monga mwa masiku onse. Ndinasesa, ndinayatsa mbaula. Masana ndinaona zopopera zija zayamba, zikuthira khoma lopanda munthu, madzi akuyenderera pamalo pamene amalume amaika bokosi lawo. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatenga makwerero ndi sipanala, ndinakwera madzi akundimenya, ndinazimasula zonse, paipi n'kuidula. Ndinaziika mu ndowa. Manijala anali mu lesitilanti ina akudya ndi eni masitolo. Ndinalowa momwemo ndili chinyowere, n'kuika ndowayo patebulo pakati pa mbale zawo.

Ndinawauza kuti mkulu wosoka nsapato uja ali m'chipatala, sakutha kupuma, ndipo chamugoneka ndi ichi. Ndinanena kuti ndi bambo wa kwathu, ali ndi dzina, ndipo anali pakhoma paja iwo asanagule msewuwo. Chizungu changa chinathawa, zina ndinamalizira m'Chinyanja.

Manijala anapukuta pakamwa. Anati wamva chisoni kwambiri. Kenako anafunsa ngati mkuluyo anali ndi chilolezo chochitira malonda pamalopo. Mayi wina amene anakhala naye anapempha woperekera zakudya kuti achotse ndowayo chifukwa ikudonthezera pa chikwama chake. Ndi zokhazo zimene zinanenedwa patebulo limenelo za moyo wa amalume anu. Potuluka, manijala anandiuza motsitsa kuti mawa ndibwere ku ofesi ndi pasipoti yanga tidzakambirane.

Sindinapiteko. Malipiro a mwezi umenewo anatsala komweko, ndipo chipinda ndasamuka, ndikugona kwa anyamata ena a kwathu. Mukafuna kulemba muzingopatsira a Asumani, akudziwa kondipeza.

Amalume atatsitsimuka ndinawafotokozera, ndikuganiza kuti mwina asangalala. Anakwiya. Anati ndachita zachibwana chaka cha njala, ndipo ana anga sadya mkwiyo wanga. Mwina akunena zoona. Koma ndikanapitiriza kuyatsira anthu aja mbaula, sindikanathanso kukuyang'anani m'maso, ngakhale nkhokwe itadzaza.

Bokosi lawo andisiyira, ndi zisongole, ulusi, guluu, zonse. Madzulo ambiri ndinkawathandiza kusoka, ndiye pang'ono ndikudziwa. Andiuza mayina a makasitomala awo ndi nsapato zimene sanamalize.

Mukawatengere ku Nguludi akawaonenso m'chifuwa, mapepala a kuchipatala ali m'thumba la jekete. Azigona kotentha, asamapite kudimba m'mawa. Ndalama mwezi uno palibe. Chimanga chija muchidye mosamala, ndipo nkhuku zingapo mugulitse. Pepani.

Ndine wanu nthawi zonse,
Ignasio


Joni, 27 Okotobala 2024

Okondedwa amake Tawina,

Moni kwa inu, ana, amayi ndi amalume. Ndasangalala kumva kuti amalume ayamba kuyenda mpaka kumsika, ndipo akusokera ana a m'mudzi nsapato pakhonde. Nandolo amene amayi anatumiza ndalandira. Muwauze kuti ndamva chimene akutanthauza, ndipo ndathokoza. Ine ndili bwino, zala zokha ndi zimene zatupa ndi chisongole.

Ndikukhala pakhoma pa amalume. Poyamba ndinkaopa kuti manijala andiitanira apolisi, moti ndinkavala chipewa chophimba nkhope. Ndinadzivutitsa chabe. Amadutsa pafupi nane popita ku galimoto yake, nthawi zina amandiyang'ana ndithu, koma sandizindikira. Munthu amene ankanditchula mnzake miyezi yonse ija. Ankadziwa ovolosi, osati ine. Zimenezi zinandipsetsa mtima kuposa akanandimangitsa.

Makasitomala ena a amalume abwerera. Amafunsa za iwo, ena apereka moni. Zimene ndikupeza n'zochepa, koma kanthu kakang'ono ndapatsira a Asumani ka mbewu.

Kutentha kwayambiranso ndipo nkhungu ayatsa. Aonjezera mizati ina chapakati, aikamo ndi magetsi amitundumitundu. Kumapeto kuno abwezeretsa zopopera zija, zatsopano, zazikulu kuposa zoyamba. Masiku onse amene ndinkaona kuti zibwerera, ndinkakonza mawu oti ndidzamuuze munthu amene adzavomere kuzimanga. Ndinali nawo ambiri, ena oti sindingawalembe pano.

Amene anabwera ndi makwerero ndi a Francisko. Mukuwadziwa, amuna awo a a Ruth amene amagulitsa zitumbuwa pa geti la chipatala cha Nguludi. Munthu wamkulu, wa ana asanu, amene ankaimba besi mu Kwaya. Abwera kuno mu Ogasiti njala itawathamangitsa. Ovolosi imene avala ndi yanga yomwe ija, yong'ambika pa bondo.

Anamanga osayang'ana pansi. Madzulo ake, ataweruka, anabwera atanyamula nsapato imodzi ngati akufuna kusoketsa, n'kukhala pa chitini cha makasitomala. Nsapatoyo inalibe vuto. Tinapatsana moni, tinafunsana za kumudzi. Kenako anati anamva zonse zimene zinachitika pakhoma pano asanavomere ntchitoyi, ndipo anavomerabe, chifukwa kwawo akudya kamodzi patsiku ndipo mwana wawo wamng'ono watupa miyendo. Anati nthawi imene kabokosi kamayatsa saidziwa, kiyi sawapatsa.

"Ndiye mundinene, achimwene," anatero. "Ndabwera kuti mundinene."

Mawu onse aja anandithawa. Ndinaipukuta nsapatoyo, ndinaipaka polishi, n'kuwabwezera. Ndinawauza kuti timilomo ta mzati wachitatu timavuta kutseguka, asamakakamize ndi sipanala, aziyamba atiika m'madzi otentha.

Lachinayi madzi anandipeza. Pulasitiki ndinali nditayala kale, ndiye nsapato za anthu sizinanyowe, ndinanyowa ndine. Kutentha kwake, ndinauma msanga. Ndikukhala chonyowa choncho ndinkayang'ana kumatebulo, anthu akuseka m'kati mwa nkhungu, ndipo ndinaona kuti eni msewuwu sadzasowa wowayatsira. Chaka chilichonse mvula ikadula kwathu, basi imawabweretsera wina. Sadzanyowa ndi dontho limodzi, ndipo dzina lawo silidzatchulidwa pa golosale iliyonse. Panalinso ojambula tsiku limenelo, ndipo a Francisko anali chapafupi atanyamula ndowa. Ndiye kavidiyo kena kali m'njira.

Tsono ndikupemphani chinthu chimodzi. A Denis muwauze kuti kakafika pa foni yawo akafufute, ndipo akakana muwauze amalume awayankhule. Koma anthu adzakaonabe, mafoni ndi ambiri. Lamulungu likubwerali mudzere pa geti la chipatala, mukawatenge a Ruth, mupite nawo limodzi ku Misa. Mukhale nawo benchi imodzi, kutsogolo, ndipo potuluka muyende nawo mpaka pamsewu anthu onse akuona. Mukawapatseko ndi ufa pang'ono wa phala la mwanayo. Za ntchito ya amuna awo musawauze kanthu. Iwo akudziwa kuti a Francisko amagwira ntchito yoziziritsa msewu ku Joni, ndipo zimenezo si zabodza.

Ndine mwamuna wanu,
Ignasio